Dzina Lomwe Agogo Adapita Nalo Kumanda

Maryhill, Glasgow.

Kwa Bwana Wamkulu,
Kampani Yofufuzira Anthu Makolo Awo a ku Ulaya,
Pamwamba pa sitolo yokonza mafoni, Partick.

Wolemekezeka Bwana,

Poyamba ndifunse za moyo wanu pamodzi ndi onse akunyumba. Ngati muli bwino, ndithokoza Mulungu. Kuno tiliko, kungoti ine mtima sukukhala m'malo, ndipo dokotala wati ndichepetse mchere ndi maganizo. Mchere ndachepetsa.

Mundikhululukire kuti ndalemba m'Chichewa. Sukulu ndidalekezera Sitandade 4, ndipo Chingerezi changa ndi chokwerera basi ndi chopepesera. Ndikudziwa kuti pepala la chinenero chachilendo limafunika womasulira wolumbira, wokhala ndi chidindo chake. Munandiphunzitsa ndinu nomwe zimenezi, choncho sindikukayika kuti mumupeza. Kalatayi ndaiikanso pa gulu la pa foni la Amalawi okhala kuno. Sikuti ndikufuna kukuyalutsani, ayi. Ndangoona kuti ubwino umene mwandichitira ndi waukulu, sungakwane mwa munthu mmodzi.

Kuti musavutike ndi kutsegula fayilo yanga, ndikukumbutseni kuti ndine yani. Ndine Malita, mkazi wa a Fryson, mayi wa Tadala. Tidabwera kuno Tadala asanayambe sukulu. Bambo ake ankagwira ntchito yosamalira okalamba, ine ndimakolopa nyumba za ana a yunivesite konko ku Partick. Malo amene bambo ake ankagwirako ntchito atsekedwa, ndipo mapepala athu okhalira m'dziko muno akutha chisanu chikubwerachi chisanathe. Ine kumudzi ndikhoza kubwerera ngakhale mawa, khasu sindidaliiwale. Koma Tadala sukulu yomwe amaidziwa ndi ya ku Maryhill yokha. Ndikamufunsa kuti wadzuka bwanji amati, "Aye, fine." Chichewa amamva chomukalipira chokha. Ndikamuganizira atakhala pansi m'kalasi la ana zana limodzi, mphunzitsi akulankhula zimene iye sakumva, ndimasowa tulo.

Ndiye tsiku lina podikira sitima ndinaona chikwangwani chanu chija, cha mtengo wa mizu yagolide. Jessica, mtsikana wa kutchalitchi kwathu amene akuphunzira za unesi, anandiwerengera. Chimafunsa ngati agogo a munthu adachokera ku Ulaya. Ine anga adachokerako, ku dziko la Czech. Kuofesi kwanu munandiuza kuti zidzukulu nazo zimatha kupempha unzika, ndipo kuti ndi pasipoti imeneyo tikhoza kukakhala ku Ireland, kutsidya kwa nyanjaku, komwe mwana angapitirize sukulu m'chinenero chimene amachidziwa. Usiku umenewo ndinagona bwino. Ndikuukumbukira chifukwa sunabwerenso.

Tsono ndikufuna ndithokoze chimodzichimodzi.

1. Ndikuthokoza chifukwa cha mmene munandilandirira. Mnyamata wanu Keith, wa pa tebulo loyamba uja, anandipatsa mpando wofewa ndi tiyi wa m'kapu ya pepala. Atamva kuti ndine wa ku Chiradzulu koma agogo anga ndi a ku Czech, anaitana anzake onse kuti adzandione. Wina anandipempha kuti ndinene kachiwiri. Sindinadandaule, pajatu chinthu chosowa chimakoma pochiona. Keith anati nkhani yanga ndi yosavuta, ndingosaina ndi kulipira, zotsalazo mufufuza ndinu. Ndinasaina, ndinalipira. Kenako anatembenukira pa kompyuta yake n'kundifunsa dzina la agogo angawo.

Ndinamuuza kuti ndi bambo a Ketrina.

2. Ndikuthokoza chifukwa cha kuleza mtima kwake, poti anafunsa funso lomwelo katatu, mawu akukwera pang'onopang'ono, monga amachitira ndi anthu ogontha. Bwana, ine sindine wogontha. Ndiloleni ndifotokoze pano zimene Chingerezi changa chinalephera tsiku lija.

Agogo anga aamuna adabwera ku Nyasalandi kudzagwira ntchito pa fakitale ya nsapato. Adaona agogo aNambewe akugulitsa nthochi pachipata, ndipo patapita nthawi adawatsatira mpaka kumudzi. Adakwatirana, kudabadwa mwana mmodzi, Ketrina, amene ndi mayi anga. Kuyambira tsiku limenelo mudzi wonse udayamba kuwatchula kuti bambo a Ketrina. Mwana asanabadwe ankawatchula kuti alamu, kapena akamwini, kapena Bwana Nsapato kwa amene sankawadziwa bwino. Kwathu munthu wamkulu wabanja lake satchulidwa dzina ngati mwana wotumidwa kuchigayo. Ndipo mkazi wolongosoka sangatchule dzina la mwamuna wake, ngakhale nyumba ikupsa.

Agogo aNambewe dzinalo ankalidziwa. Adalisunga zaka zonse za ukwati wawo, adalisunganso zaka zonse za umasiye wawo, zomwe zidali zambiri, poti amuna awo adamwalira ndi malungo mayi anga akadali aang'ono. Ine ndili mtsikana ndidawafunsapo, tikusenda chinangwa pakhonde. Adandiyang'ana ngati ndatukwana. Adati, "Iwe, ndiwatchule dzina amuna anga, ndapenga? Ukadzakwatiwa uzidzatchula ako." Adandigenda ndi khoko la chinangwa. Adamwalira nalo dzinalo lili lonse, losathothoka pena paliponse.

Chimene adatisiyira ndi dzina la dziko. Ankati amuna awo sankakwiya kawirikawiri, koma munthu akawatchula kuti Mngelezi kapena Mjeremani ankafiira mpaka m'makutu, n'kumadziguguda pachifuwa, n'kumatchula kwawo mobwerezabwereza mpaka ana a m'mudzi adaloweza. Dziko agogo ankalitchula momasuka, poti dziko sadakwatiwe nalo.

Keith anafunsa kuti nanga mayi anga kusukulu ankalemba dzina la ndani. La malume awo, Bwana. Ndiwo adali eni mbumba, ndiwonso adakawalembetsa. Keith anapumira m'mwamba n'kulemba pa kompyuta kuti bambo wosadziwika. Ndikuthokoza kwambiri chifukwa cha mawu amenewa. Munthu amene mudzi wonse unkamudziwa, agalu omwe sankamuuwa, wadzakhala wosadziwika ku Partick.

3. Ndikuthokoza pondikumbutsa za setifiketi ya ukwati. Ukwati udachitika, Bwana, ndipo udali wadongosolo. Popeza agogowo adalibe mbale m'dziko lonse la Nyasalandi, kapitawo wa ku fakitale ndiye adaimirira ngati nkhoswe yawo. Adakhala pansi ndi ankhoswe akuchikazi, adapatsana nkhuku, tambala uku, msoti uku, anthu akulululutira. Umboni wake ndi umenewo. Ndikupepesa kuti udadyedwa tsiku lomwelo. Makolo athu sadadziwe kuti mudzaufuna.

Pa pepala lomwe munanditumizira pambuyo pake, Jessica anandiwerengera mawu akuti mwina udali ubwenzi wongodutsa. Poyamba anakana kumasulira, ndinachita kumukakamiza. Bwana, inu ndinu ophunzira, mundithandize. Kodi munthu wongodutsa amamanga nyumba ya mazenera agalasi pamudzi pa mkazi wake? Amalima munda wa apongozi ake mpaka manja kutuluka matuza, iye mzungu, pa nthawi imene azungu anzake ankanyamulidwa pamachila? Adamuuza kuti mkamwini sakumana maso ndi maso ndi apongozi ake aakazi, ndipo iye adamvera mopitirira. Akangowaona akubwera m'njira ankalumphira m'tchire osayang'ana. Tsiku lina adagwera m'chitedze, adabwera kunyumba akudzikanda ngati nyani, thupi lonse lili psuu, koma osadandaula. Mpaka lero kwathu mkamwini akayamba matama amamuuza kuti ngakhale bambo a Ketrina ankapatuka. Anzake a ku fakitale adasiya kumuitana kumaphwando awo. Ngati uko ndi kudutsa, ndiye kuti adadutsa pang'onopang'ono kwambiri, poti mpaka pano ali komweko, kumanda kwathu, pansi pa mtengo wa mbawa.

4. Ndikuthokoza chifukwa cha kabotolo kolavuliramo. Munati malovu amanena zoona kuposa pakamwa, ndipo munandigulitsa kabotoloko pamtengo umene munati ndi wachifundo. Ine chibadwire sindidalavulepo pamaso pa mwamuna, koma ndinalavula, Keith akuyang'ana kukhoma. Ndinada nkhawa sabata yonse poganiza kuti mwina tiyi amene ndinamwa m'mawa uja asokoneza, adzanena kuti ndine wa ku Thyolo. Zotsatira zinabwera ndi mapu okongola. Gawo limodzi mwa magawo anayi a magazi anga ndi la pakati pa Ulaya. Ndinathamanga nalo pepalalo kuofesi kwanu, mvula ikundimenya. Pamenepo m'pamene munandiuza kuti malovu sawerengedwa ngati umboni pa nkhani za unzika. Ndikuthokoza kuti munadikira kaye ndilavule musanandiuze. Malovu anga anakwera ndege, anakafika kunja, analandiridwa bwino popanda womufunsa dzina la agogo. Mwini wake ndikadali pa siteji ya basi pa Maryhill Road.

5. Ichi ndi chaching'ono koma ndisachisiye. Kubanja kwathu kokha, m'mudzi monse muja, timaphika mkate m'madzi. Timakanda ufa wa tirigu ndi yisiti, timaumba ngati mkono wa mwana, timauponya m'madzi owira, ndipo ukapsa sitidula ndi mpeni koma ndi ulusi. Adatiphunzitsa ndi bambo a Ketrina, ndipo ankati mpeni umaupha. Anthu ankatiseka kuti timasoka chakudya. Jessica anafufuza pa foni yake n'kupeza kuti ku Czech amaphika chimodzimodzi, ndi ulusi womwe. Ndinalira, Bwana, ndisakubisireni. Ndinaphika, ndinakulunga m'nsalu yoyera, ndinabweretsa kuofesi kwanu pamodzi ndi msuzi wa nyama ya ng'ombe. Anyamata anu anati umenewu si umboni. Anatero atamaliza. Mmodzi anapukuta mbale ndi chala. Apa ndinaona kuti mwambo wodya umboni si wa ku Chiradzulu kokha. Mbale ija ya maluwa abuluu, ngati mwamaliza nayo, ndi ya mayi busa.

6. Ndikuthokoza chifukwa cha uphungu wakuti ndingoyerekeza. Keith anati bokosi la dzina silingakhale lopanda kanthu, kompyuta imakana kupita patsogolo, choncho ndilembe dzina lililonse limene ndikuganiza kuti lingayandikire. Ngakhale a Hamilton, mkulu wa mpingo kwathu, anagwirizana naye. Tikumwa tiyi mapemphero atatha anati, "Mayi a Tadala, inu mukuchedwa ndi chiyani? Tsegulani timu ya mpira ya ku Czech, mutenge goloboyi, basi. Mulungu amaona mtima." Anandilembera mayina atatu kuseri kwa pepala la nyimbo.

Ndinapita nawo kunyumba mayinawo, ndinawayang'ana, ndinalephera. Nanga ndikalemba dzina la munthu, n'kupezeka kuti munthuyo adalikodi, adali ndi mkazi wake ndi ana ake kwawoko? Ndiye kuti agogo aNambewe ndawalowetsa mitala ali m'manda, iwo amene sadayang'anepo mwamuna wina. Nanga zidzukulu za munthuyo zikamva kuti zili ndi mbale ku Maryhill, n'kubwera ndi masutikesi? Tili ndi chipinda chimodzi chogona. Nanga aboma la kumeneko akazindikira bodza, amene akamangidwe ndi ndani, Keith kapena ine? Ndipo tsiku limene ndidzakumane ndi agogo angawo kutsogoloku, ndidzawauza chiyani, kuti ndidawasinthanitsa ndi goloboyi? A Fryson akuti ndimaganiza kwambiri. Iwo amagona, amachita mkonono. Wina ayenera kuganiza m'nyumba muno.

7. Tsopano ndifike pa kalata yanu ya sabata yatha, imene ikunena kuti ndikapanda kupereka dzina lonse la kholo langa mwezi uno usanathe, fayilo yanga itsekedwa, ndipo zimene ndinalipira sizibwezedwa. Ndikuthokoza kuti munailemba mwaulemu, mpaka kundifunira tsiku labwino.

Musaganize kuti ndangokhala. Ndinaimbira mayi anga, a Ketrina eni ake, amene tsopano maso adachita khungu. Ndinawafotokozera zonse, za Tadala, za sukulu, za chisanu chikubwerachi. Kenako anati, "Mwanawe, ndikadalidziwa ndikadakuuza, ngakhale ndi tchimo. Ine ndinkangoti ababa." Anati chimene akukumbukira ndi fungo la chikopa ndi guluu m'manja mwawo, ndi kanyimbo kamene ankawaimbira powanyamula paphewa. Anandiimbira pa foni, mawu ake osamveka, nkhalamba ikulira. Ndinafunsa Keith ngati pali bokosi la nyimbo. Palibe.

Ndinatuma mchimwene wanga Goodwill kumanda. Kwathu sulowa kumanda wekha ngati ukupita kumsika, ndiye anachita kupempha akuluakulu, anamuperekeza. Mtanda wa mtengo udadyedwa ndi chiswe kalekale. Chimene chatsala pamtumbira ndi chitsulo chawo chokhomerapo nsapato, chooneka ngati phazi, chimene adawaikira tsiku la maliro. Goodwill anachipala ndi mchenga mbali zonse kufunafuna chilembo. Pali nambala 9 yokha. Ndakutumizirani chithunzi. Tsopano mukudziwa saizi.

Koma pali chinthu chimodzi chimene mutu wanga wa Sitandade 4 ukulephera kumvetsa. Pa chikwangwani chanu padalembedwa kuti mumafufuza. Keith anandiuza tsiku loyamba kuti muli ndi anthu anu ku Prague, likulu la dziko la Czech, amene amalowa m'nyumba zosungira mabuku akale, kuti mumadziwa kuwerenga mayina a okwera sitima zapamadzi ndi a ogwira ntchito m'mafakitale. Ine ndinakupatsani dziko, ndinakupatsani ntchito ya munthuyo, tauni imene ankagwirako, mudzi umene adakwatira ndi chaka chimene mwana wake adabadwa. Kodi anthu a ku Czech osoka nsapato adali angati ku Nyasalandi masiku amenewo? Adali ngati ngumbi? Ndikafunsa zimenezi mumandiyankha kuti simungayambe kufufuza popanda dzina. Bwana, dzinalo ndikadakhala nalo, ndikadakwereranji masitepe anu aja, ndi bondo langali? Ine ndikapita kukakolopa nyumba sindimuuza mwini wake kuti ayambe wayeretsa kuti ndipeze poyambira. Koma mwina ntchito za ophunzira zimayenda mwa mtundu wina.

Dzulo Tadala anandipeza ndikuyeza masutikesi pansi pa bedi kuti ndione ngati zipi akugwirabe ntchito. Si mwana wopusa. Anaimirira pakhomo ndi yunifolomu yake, anati, "Mum, ah'm no gaun," kutanthauza kuti iye sapita. Ndinamuuza kuti palibe amene akupita kulikonse, ndikungochotsa fumbi. Anandifunsa kuti ngati titapite, wagamula ndi ndani. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuyankhe, ndipo ndinapeza kuti ndilibe dzina loti ndimupatse. Ndinatulutsa makalata anu onse. Palibe ngakhale imodzi imene ili ndi dzina la munthu. Onse pansi pake palembedwa kuti The Team. M'mawa uno ndinaimbira Keith kumufunsa dzina la bwana wake, ndipo anati saloledwa kulitchula.

Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe, Bwana. Kani mwambo uja nanunso muli nawo! Ndipo Keith adaleredwa bwino, akanakhala wa kwathu akanapeza mkazi mosavuta. Kungoti kwathu ulemu umenewu sitipatsa munthu chifukwa choti ali ndi ofesi ya pamwamba. Timamubisira dzina munthu amene walima, wamanga, wapatuka m'njira, wayabwidwa ndi chitedze osadandaula. Inu pa munda wanga simunagwirepo khasu ngakhale kamodzi.

Choncho ndikugwada ndi mawondo onse awiri, ndi lopwetekali lomwe, kupempha chimodzi mwa ziwiri, musankhe nokha chimene chili chopepuka. Mutume anthu anu a ku Prague aja, ngati alikodi, akandipezere dzina la agogo anga mwezi uno usanathe. Ngati zimenezo ndi zolemetsa, munditumizire lanu, lonse, monga lidalembedwera pa setifiketi yanu ya kubadwa. Musayerekeze, bokosilo silifuna kukhala lopanda kanthu. Ndidzamulembera Tadala mkati mwa chivundikiro cha sutikesi yake, kuti pamene akukakhala pansi m'kalasi muja, azikadziwa kuti pa azungu awiri amene adakonza moyo wake, mmodzi dzina lake tidalibisa chifukwa cha ulemu, winayo tidalisunga pa chifukwa china.

Ine wanu wodzichepetsa, wodikira yankho pafupi ndi chitseko,

Malita,
mdzukulu wa bambo a Ketrina.